Mapiko a pa Chitenje

Ku Nangongwe mukamva makina akulira pakhonde la nyumba ya mtengo wa mapeyala, dziwani kuti Ba Elina adzuka. Bambo awo anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, iwo n'kubadwira konkuno ku Kafue. Utsikana wawo wonse unathera m'fakitale ya nsalu, ndipo itatsekedwa anatulukamo ndi msana wopweteka komanso maso odziwa nsalu. Anagula makina akale, opalasa ndi mapazi, n'kuwaika pakhonde.

Poyamba ankasokera akuluakulu, koma anatopa nawo. Mayi wathupi amafuna diresi limuchepetse, likakana mlandu ndi wa telala. Ana alibe zimenezo. Ndiye Ba Elina anasanduka telala wa angelo, mafumukazi, tianamwino ndi agulugufe, zovala za ana a sukulu za mkaka pa zisudzo zotsekera chaka. Neti amaipeza pa makatani akale a m'salaula, kogulitsa zovala zakale, waya wa mapiko amaupeza powongola mahang'ala okolekera zovala. Sachedwa kukalipa. Kholo likabwera lopanda mwana n'kumayeza m'mwamba ndi dzanja kuti "ali so," amalibweza.

"Sinisokela mphepo ine. Letani mwana."

Novembala wina kunabwera Nelly, mayi wogulitsa tomato pamsika, atabereka mwana wake Towela. Mtsikanayo anali wa zaka zisanu, koma miyendo yake sinalimbe chibadwire. Inkangolendewera m'mbali mwa amake.

"Ba Elina, nifuna diresi ya gulugufe," anatero Nelly. "Ba ticha bakamba ati Towela azankhala chabe pa mpando, azitamba na maso banzake bakavina. Manje iye alila daile, afuna kuvina nabo."

"Ba ticha basiye. Nkhala apa, umuike pamendo."

Anamuyeza ali pamiyendo ya amake, ndipo anasoka ndi mtima wonse, mwina chifukwa cha kuipidwa ndi aphunzitsi aja. Diresi linali lachikasu, mapiko a neti yoyera okhala ndi timadontho ta zidutswa za chitenje. Pa tsiku loyesa, Towela atadziona pagalasi anaseka mpaka ntchentche zikanamulowa m'kamwa. Ba Elina anadziyamikira chamumtima, monga amachitira nthawi zonse.

Kenako nthawi yopita inakwana. Nelly anawerama, kumukweza mwana kumsana, kuponya chitenje, kumanga pachifuwa. Waya unamveka kupindika. Diresi lonse, mapiko ndi timadontho tomwe, zinalowa m'kati mwa chitenje, kunja kunangotsala mutu ndi mapazi. Towela anapotoloza khosi kufuna mapiko ake, osawaona, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu.

"Nanga pa siteji azakwela bwanji?" anafunsa Ba Elina.

"Nizamupapa so chabe. Kulibe njila inangu."

Manyazi anawagwira Ba Elina. Zaka zonsezi ankasokera ana oima okha, ndipo funso limeneli sanaliganize n'komwe. Diresi linali lokongola, inde, koma la mwana wina.

"Masula chitenge icho, unisiile. Tenga changa. Mailo ubwele futi, nipime iwe."

"Ine? Ba Elina, ine nine mukulu."

"Nakamba ubwele."

M'mawa mwake anamuyeza Nelly mapewa ndi msana mwana ali pomwepo. Mapiko anawachotsa padiresi, kuwakulitsa, n'kuwasokerera kunja kwa chitenje, pamalo pogwera msana wa Towela. Kunsonga kwa phiko lililonse anaikako kariboni kovala padzanja, kuti mwanayo akakoka, mapiko azitseguka.

Ba Elina sapita ku zisudzo za ana, amati phokoso lake limawadwalitsa mutu. Ulendo uno anapita, n'kukhala kumbuyo. Mpando wa Towela unali utaikidwa kale pambali pa siteji. Agulugufe ena atakwera, Nelly anaudutsa mpandowo n'kukwera nawo, nkhope ili pansi, thukuta lili kamukamu. Anthu anayamba ndi kuseka. Towela anakoka mariboni, mapiko n'kutambasuka kuposa mapewa a amake, ndipo anamveka holo yonse akulamula: "Mami, zungulukani! Futi!" Kuseka kuja kunasanduka nthungululu. Ba Elina akuti sanalire, akuti m'holomo munali fumbi.

Vuto linabwera pambuyo pake. Towela anakana chitenje china chilichonse. Kumsika, kuchipatala, kutchalitchi, Nelly ankayenda ndi mapiko kumsana, makondakitala a minibasi n'kumadandaula kuti akubaya anthu m'maso. Mvula isanathe waya unali utathyoka, ndipo anabwera nacho chitenjecho pakhonde paja.

Nelly pomutsitsa mwanayo anagwira m'chiuno n'kupuma kaye. Ba Elina anaona. Towela anali atakula, mapazi akufika m'mawondo mwa amake.

"Nizachosa waya, mapiko yazigona chabe," anatero Ba Elina, lumo lili m'manja. "Zisudzo zinasila kudala, iwe. Uvutisa ba mai bako."

"Osachosa, ambuya!" anakuwa Towela. "Nikankhala na mapiko sinilemela. Ba mami sibatopa."

Nelly anayang'ana kumsewu. Ba Elina anaika lumo pansi. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mahang'ala anayi, aja a waya wokhuthala amene amakolekapo madiresi awo a kutchalitchi, nayamba kuwawongola.