Mabatire Pakhonde la a Vitalis

M'mawa uliwonse a Vitalis ankayanika mabatire akutha pakhonde, monga ena ayanikira nandolo. Dzuwa likawawomba, ankawayesa ndi kawaya ndi lilime kuti amve ngati kamoto kabwereramo. Akazi awo, mayi Ellina, ankanyansidwa nazo.

"Lilime lomwelo mukadyere ndiwo zanga?" ankatero, n'kuwatsina pamkono.

A Vitalis ankakonza mawailesi pamsika wa Mbulumbuzi. Sukulu analekezera Fomu 2, koma sayansi ya pamenepo inawakwanira moyo wonse. Wobweretsa wailesi ankabwerera ndi ulaliki womwe: munthu ndi wailesi basi. Ubongo ndi mawaya, magazi ndi batire, ndipo chikondi, manyazi, ngakhale kukoma kwa chinangwa, ndi moto woyenda m'mawayamo. Alamu awo a Goliati, mkulu wa mpingo, ankatsutsa kuti mwa munthu muli mzimu.

"Uli pati, alamu?" ankafunsa a Vitalis. "Tsegulani ndiuone."

M'chaka cha 1999 mayi Ellina anagwa akupalira chimanga. Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu waphulika. Anabwerako osayankhula, mbali yakumanja itafa, maso akungoyang'ana pamodzi. A Vitalis ankawasambitsa, kuwadyetsa phala, n'kumawasimbira za kumsika, koma yankho panalibe.

Pamudzipo a Vitalis anali mkamwini. Patatha miyezi iwiri a Goliati anabwera n'kuwapeza pakhonde, wodwala ali gone pamphasa chapakhomo.

"Alamu, achemwali athu tiwasamala tokha. Inu bwererani kwanu ku Nchema."

"Ndalakwanji?"

"Palibe. Koma si inu munkati waya akaduka mulibe munthu? Ndiye mukucheza ndi ndani?"

A Vitalis anakanda m'mutu. Msamphawo anatchera okha, zaka khumi, pamaso pa msika wonse. Malinga ndi chiphunzitso chawo, miyezi iwiri yonseyi ankasimbira bokosi mtengo wa matemba. Pofuna kubisa manyazi, katswiri wa Fomu 2 anatola batire limodzi n'kuligunditsa lilime.

Dzanja lamanzere la mayi Ellina linayamba kukwawa pamphasa. Linayenda pang'onopang'ono, linapuma, linayendanso, mpaka linafika pamkono pa amuna awo. Linawatsina. Mphamvu zinali zochepa, koma malo ake anali omwe aja.

A Goliati anavula chipewa.

"Mwaona? Mzimu."

"Mwina ndi waya mmodzi wotsala," anatero a Vitalis. "Kungoti ndakonza mawailesi ambirimbiri, koma palibe imene inanyansidwapo nane."

"Ndiye mwagonja?"

"Ayi. Sindikudziwa chimene chanditsinachi, ndipo sindingatsegule kuti ndione. Koma chimandidziwa. Sindipita."

A Goliati anayang'ana achemwali awo. Kenako anafunsa ngati phala la wodwala lapsa, ndipo za ku Nchema sanazitchulenso.

M'mawa mwake a Vitalis anayala mphasa pakhonde, ananyamula akazi awo n'kuwakhazika padzuwa, pafupi ndi mabatire.

"Musaganize zambiri, make Doreen," anatero. "Njira ina ine sindiidziwa."

Anasankha batire ladzimbiri kuposa onse, anakhala kumanzere kwawo, n'kukwinya malaya kuti mkono ukhale poyera.