Manja a Nkhanga

Mawanga anamuyamba ali ku pulayimale: kadontho koyera pachala, kenako pachigongono, mapeto ake manja onse ngati wawatayira mkaka. Kuchipatala anati si matenda opatsirana, ndi khungu chabe lataya mtundu. Anzake a m'kalasi analibe nazo ntchito zimenezo. Anamutcha Nkhanga, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka kukwatiwa, mpaka pamalo ophikira buledi pomwe ankagwira ntchito.

Malo ake anali kuseri, m'chipinda chotentha cha zenera limodzi. Kukanda ufa, kudula, kuika m'zitini, kulowetsa mu uvuni. Ogula ankadziwa buledi wake, osati nkhope yake.

Tsiku lina masana mlamu wake anamuimbira foni.

"Alamu, mwaona zili pagulu la pa foni la m'dera mwathu?"

Anatsegula, ufa uli m'zala. Chinali chithunzi cha manja ake ali m'beseni, pansi pake mawu akuti: "Buledi mukudyayu akukanda ndi wakhate." Ena ankaseka, ena ankati achotsedwe ntchito. Ena mwa olembawo ankapatsana nawo moni m'mawa uliwonse.

Mtima sunakhalenso m'malo. Anapsereza buledi thireyi yonse. Foni ankaiponya m'thumba la epuloni, n'kuitulutsanso. Poweruka anayenda manja ali m'khwapa, dzuwa likuswa mtengo. Kunyumba anasesa posesa kale, anakhala pansi, anadzuka, anatsuka mbale zotsuka.

"Ingozimitsani foniyo, mayi a ana," anatero mwamuna wake. "Akatopa asiya."

"Kusukulu ankandiuzanso choncho. Mwaona atasiya?"

Chomwe chinkamudya kwambiri n'chakuti chithunzicho chinajambulidwa pakhomo la kuseri, pomwe wogula safika.

M'mawa analunjika kwa mwini malowo n'kumuonetsa zonse. Bwanayo anakanda m'mutu.

"Bwanji muzivala magulovesi aatali, nkhani ithe?"

"Bwana, ndikavala lero ndiye kuti ndavomera bodzali. Itanani anthu onse, wojambula ali mom'muno."

Anasonkhana pakati pa matumba a ufa. Palibe anayang'ana mnzake. Kenako mtsikana wa pakauntala, yemwe Nkhanga ankamusungira tiyi akachedwa, anayamba kusisima.

"Ndinangotumizira mnzanga, anti. Zinali zocheza. Mawuwo sindinalembe ndine."

"Zocheza timaseka tonse, mwanangu. Wandiona ndikuseka?"

Nkhanga sanakweze mawu. Sanafune kuti mtsikanayo achotsedwe. Anangoti alembe pagulu lomwelo zomwe anachita, bwana naye aikepo mawu ake. Mtsikanayo analemba. Bwana anazengereza mpaka Nkhanga atavula epuloni n'kuipachika pamsomali, m'pamene anatola foni.

Sizinathe bwino zonse ayi. Ena a pagulu lija anapepesa, ambiri anangoti zii ngati sanalembepo kanthu. Bambo wina anapitiriza kunyoza mpaka mlamu uja atavutitsa woyang'anira gululo kuti amuchotse. Ndi mtsikana wa pakauntala ankangopatsana moni wouma. Foni ikalira, ankachedwabe kuitsegula.

Patapita masiku anapempha kuti Loweruka azigulitsa kutsogolo. Loweruka loyamba manja ankafuna kuthawira pansi pa kauntala, iye n'kumawabweza pamwamba. Mnyamata wina atawaona anatuluka osagula. Ena anagula maso ali kumbali.

Chakumasana kunalowa mayi wina wa yunifolomu ya olondera. Anadikira mzere uthe, n'kuwerama.

"Amayi, mwana wanga wamkazi wayamba mawanga pakhosi. Akukana kupita kusukulu, akungodzitsekera kuchipinda. Simungadzacheze naye?"

Nkhanga sankadziwa chomwe akamuuze mwanayo, poti naye mawu oterowo palibe anamuuzapo. Anakulunga buledi, n'kumupatsira mayiyo m'manja.

"Mumakhala chakuti? Ndilongosolereni njira, ndibwera ndikaweruka."