Matiresi obwereka ku Nkopola

Sukulu ndinasiyira Fomu 3, ndipo amene akufuna kudziwa chifukwa chake akafunse aphunzitsi a masamu. Kuyambira pamenepo ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza pamsewu wochokera ku Mangochi boma kulowera ku Makanjira. Anthu ovala mataye sindiwakonda. Akakwera njinga yanga amakumbatira chikwama ndi manja onse awiri ngati ndiwabera ndikuyendetsa.

Koma ophunzira za udokotala amene ankabwera pachipatala chathu chaching'ono ndinkawalolera. Chaka chilichonse koleji yawo inkawatumiza kudzaphunzira ntchito kumudzi, ndipo ankagona m'nyumba yakale kuseri kwa chipatalacho. Amayi anga amadwala shuga, ndipo nthawi imeneyo anali ndi bala pamwendo lokana kupola. Ophunzirawo ndiwo ankalitsuka, osanyansidwa, kwinaku akuphwanya Chiyao mpaka amayi kugwetsa misozi ndi kuseka. Adokotala athu alipo okha, mzere wa odwala umakafika pamtengo wa mango. Nthawi yokhala pansi ndi mwendo wa munthu mmodzi alibe.

Ndiye kunamveka kuti koleji isiya kuwatumiza. Denga la nyumba ija linkadontha, mabedi anali mawaya okhaokha, ndipo mphunzitsi wowayang'anira anali atasiya kubwera chifukwa chosowa thiransipoti. Amayi atamva anangoyang'ana mwendo wawo.

Posakhalitsa kunabwera uthenga wina, woti kukubwera aphungu a Nyumba ya Malamulo. Osati wa dera lathu yekha ayi, koma kagulu ka aphungu a zipani zosiyana amene anagwirizana kuti azilankhulira maphunziro a madokotala ikafika nthawi ya bajeti. Ankayendera malo ophunzirira ngati athuwa kuti akakhale ndi chonena.

Amalume anga ndi wapampando wa komiti ya chipatala. Titatuluka mumzikiti Lachisanu anatiimitsa tonse.

"Anthu akuluakulu achoke ku Lilongwe kudzaona mphasa zong'ambika? Tichite manyazi mudzi wonse? Mlendo salandiridwa pazinyalala!"

Palibe anatsutsa, chifukwa kwathu mlendo timamuphera nkhuku ngakhale ili imodzi yomweyo. Tinapaka laimu miyala, makoma, ndi mitengo yomwe. Malata a madarasa imene inkamangidwa tinawabwereka n'kuwasanja padenga pobooka, titawapsinja ndi njerwa. Makatani anachokera kwa amayi ena ogulitsa kaunjika. Matiresi tinabwereka kwa msuweni wanga wogwira ntchito paloji ina ya alendo ku Nkopola, ndipo ndinawanyamula ndine, mphepo ikundikankha pamlatho ngati bwato la thanga. Odwala anauzidwa kuti amene angathe kupirira abwere mawa lake, mzere usaoneke wautali.

Zoti amayi apirire ndinakana. Linali tsiku lawo lotsukitsa bala, ndiye ndinawakweza. Tinafika aphungu akutuluka m'nyumba ya ophunzira, amalume ali patsogolo atavala mkanjo woyera mbuu.

"Koma pano mpabwino kuposa kudera kwanga," anatero phungu wina wamimba. "Matiresi amenewa ine nditha kugonapo. Tiyeni tipite kumene kuli mavuto."

"Zikomo olemekezeka, timayesetsa," amalume anayankha, mano onse ali pamtetete.

Mayi amene ankatsogolera gululo, yemwe ankati kale anali namwino, sanamwetulire. "Bambo, ife tinamva kuti ana akunyowa ndi mvula. Tikanena zimenezo m'Nyumba ya Malamulo, anzathu akatifunsa kuti tinaona chiyani, tikayankha kuti makatani?"

Aphungu anayamba kulowera kumagalimoto. Ndinaona ophunzira awiri ataima pakhomo ngati anamfedwa, osatha kulankhula poopa aphunzitsi awo. Ine woti andichotse sukulu ndinalibe.

"Olemekezeka amimbawo," ndinatero ndisanatsike n'komwe panjinga, "ngati mukufuna kugona fulumirani. Matiresiwo ndikuwabweza ku Nkopola dzuwa lisanalowe. Eni ake akuyembekezera alendo."

Amalume anandiyang'ana ngati andimeze.

"Iwe! Mwana wopanda mwambo! N'chifukwa chake sukulu inakukana!"

"Achimwene," amayi analankhula ali kumbuyo kwanga, mawu ali phee, "nanga malata a kumadarasa aja mubweza liti? Ashehe amafunsa dzulo."

Mayi phungu uja anaseka mpaka kutsamira galimoto. Atapuma anati, "Abambo, ulemu wanu taulandira, Mulungu akudalitseni. Tsopano tithandizeni. Chotsani zonse zobwereka, tione nyumba yanu."

Sindinaonepo anthu akugwira ntchito mwachangu chotere. Makatani anatsika, matiresi anatuluka, anyamata anakwera padenga. Malata atachoka, dzuwa linalowa m'chipinda ngati pabwalo la mpira. Ndipo amalume, munthu yemwe uja, anasanduka wonyadira mabowo.

"Ili ndi laling'ono, olemekezeka. Bwerani muone ili! Apa mvula ikagwa timagwira usipa!"

Aphungu a zipani zimene zimatukwanana pawailesi ankabwerekana mafoni kujambula. Wamimba uja anakhala pabedi la mawaya kuti ayese, n'kudzuka msanga akugwira thalauza. Kenako mayi uja anakhala pabenchi pafupi ndi amayi, wophunzira mmodzi akumasula bandeji. Anayang'ana balalo nthawi yaitali, osatembenuza nkhope.

"Ana awa akasiya kubwera, akutsukani ndani?"

"Uyu," amayi anandiloza. "Ndiye mwendo tingoutsanzika."

Ndinabweza matiresi madzulo omwewo, amalume osandiyankhula. Anakhala osandiyankhula mpaka tsiku limene tinamva mayi uja pawailesi akukangana ndi anzake za maphunziro a madokotala, akunena za mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja umene unabwereka denga. Dzina sanatchule, koma pamsika aliyense ankati ndi ife.

Musaganize kuti anatimangira chinyumba. Kunabwera malata okwanira mbali imodzi, matiresi opyapyala ngati chitumbuwa cha wosauka, ndi mphunzitsi amene amaoneka mwa apo ndi apo. Koma ophunzira anabweranso, atsopano, Chiyao chawo choipa kuposa cha oyamba aja. Mvula isanathe, bala la amayi linatseka.

Amalume masiku ano amauza aliyense kuti anachita dala, kuti aphungu aone kusiyana kwake. Ndimangowasiya. Akakwera njinga yanga ndimawadutsitsa m'maenje onse.