Jivi pamimba pa Bulaki

Amayi a Nyirenda, eni nyumba imene ndimachita lendi ku Area 23, anandiuza mosapsatira: "Galu wanu wamkaziyu mukamutseketse asabereke. Agalu aamuna akumadzaza pano, tsiku lina adzaluma mwana."

Madokotala a ziweto atabwera pabwalo la sukulu, ndinamutenga galu wangayo, Bulaki, n'kukaima pamzere. Kenako ndinaona galu wina akutulutsidwa atamugoneka tulo, lilime lili lende. Ndinagwidwa nthumanzi, ndinazemba.

Pobwerera ndinagula lezala ndi jivi, mankhwala opaka pabala aja. Kuseri kwa bafa ndinamumeta Bulaki pamimba n'kumupaka jivi wambirimbiri. Amayi a Nyirenda ataona anandiyamikira, mpaka anamupatsa mafupa kuti achire msanga.

Papita miyezi iwiri. Bulaki mimba yakula, mawere atuluka, ndipo wayamba kukumba dzenje pansi pa thandala la mbale.

Dzulo amayiwa anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Abambo a Chisomo, galu wotsekedwa kutupa mimba chonchi si bwino ayi. Mwina anaiwala thonje m'kati. Mawa tilawirire limodzi, ndikawakalipire madokotala aja."

Ndinangoti, "Chabwino, amayi."

Lezala lija ndikadali nalo, koma sindikudziwa kuti ndimetenso chiyani.