Udzu Wonyowa pa Denga Lathu

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anagula makina oziziritsa m'nyumba. Tinali titangosamukira ku Insaca kuchokera kunyanja ya Chiuta, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Miyendo inawatupa, mutu sunkawaleka, ndipo anamwino ananena mosapsatira kuti magazi awo akuthamanga kwambiri. Akapanda kugona mokwanira, tikhoza kutaya mwana, mwinanso ndi iwo omwe. Koma m'dzuwa la Okutobala wa kwathu, ndani angagone?

Bambo, amene ankagulitsa nsomba pamsika, anakwera shapa, minibasi ya kwathu, kupita ku Cuamba, nkubwera ndi makina ogwirapo kale ntchito. Dzina lake la arikondisyonado linkatipinda lilime, choncho tinkangowatcha ara. Masabata awiri oyamba ndinkathamangira kunyumba ndikaweruka, nkugona pasimenti pafupi ndi bedi la amayi. Ndikatsinzina ndinkadziona ndili m'bwato m'mamawa, nkhungu ikundinyambita m'masaya, mabango akudutsa pang'onopang'ono. Amayi ankachita mkonono, ndipo tonse tinkayenda monyang'ama.

Vuto la bambo linali kusamala zinthu mopitirira muyeso. Chibokosi cha makinawo chokhala panja chinkawasowetsa mtendere: fumbi, mbuzi, akuba. Tsiku lina anachimangira kakhola ka njerwa, nkumata dothi mbali zonse ngati nkhokwe, osasiya ndi kabowo komwe. Anansi anabwera kudzayamikira luso. Pa tsiku lachitatu makina anabuula, kunamveka fungo la mphira wopserera, basi zii.

"Mwawatseka mphuno, achimwene," anatero mmisiri wa ku Cuamba pafoni. "Ndibwera sabata yamawa."

Masiku awiri amayi sanaone tulo. Ankangotembenuka, kapulana, chitenje chawo, itanyowa ndi thukuta, maso ali psuu. Ndinachita mantha, ndipo bambo ndinawakwiyira kwambiri moti ndinasiya kuwayankhula.

M'mawa wa tsiku lachitatu bambo anapalasa njinga kupita kudambo, nkubwera atasenzetsa mitolo ya udzu wauwisi. Kunyanja, nsomba zaziwisi zikamapita kumsika wakutali amaziphimba m'dengu ndi udzu wonyowa, ndipo zimafika zili zozizira. Ndiyo nzeru imene ankaidziwa. Anayala udzuwo padenga pamwamba pa chipinda cha amayi, napachika masaka onyowa pazenera. Kenako bambo anga, munthu wamkulu wandevu, anakaima pamzere wa kumjigo pakati pa azimayi, akuwaseka, iwo ali phee ndi zigubu zawo.

Ndinali chigonere pafupi ndi amayi pamene madzi oyamba anathiridwa. Malata anachita tswee, kenako anayamba kudontha kukhonde, tho, tho, tho. Kamphepo kanalowa kudzera m'masaka aja, kakununkhira matope ndi udzu wa kudambo. Chipinda chinachita kamdima kofewa.

"Atate ako andisandutsa mlamba," anatero amayi, akumwetulira koyamba pa masiku onsewo. Dzanja lawo linalemera pamutu panga, mpweya wawo unatalika, ndipo inenso ndinatengeka ndi tulo. Ndinalota nyumba yathu ikuyandama pa Chiuta, denga litamera msipu, akakowa akutera pamwamba.

Nditadzidzimuka, dzuwa linali litapendeka. Ndinatuluka panja mwakachetechete, nkupeza bambo akadali padenga, atakhala chonjuta, chigubu chopanda madzi pamiyendo, malaya atawamatirira kumsana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaitane, iwo anaika chala pamilomo.

"Agona?" ananong'ona.

Ndinagwedeza mutu.

"Ndiye ndikhala konkuno. Ndikasuntha, malatawa alira."

Anali atakhala pamenepo kuyambira masana, padzuwa loswa mtengo, opanda ndi chipewa chomwe. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndipo ndinalira osatulutsa mawu.

Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku mpaka mmisiri atabwera. Mng'ono wanga Rosa anabadwa wamoyo mvula yoyamba itagwa, amayinso anatuluka m'chipatala akuyenda okha.

Lero makina otere ali m'maofesi ndi m'masitolo, ndipo nanenso ndili nawo m'chipinda changa. Akafa ndimaimba foni, nkumadandaula kuti mmisiri wachedwa. Bambo anakalamba, makwerero sangawathenso. Ndikawakumbutsa za tsikulo amangoseka, amati sakukumbuka kuti kunkatentha.