Kagalimoto Komera Ndevu

Mlamu wanga ndi wometa, ndipo sindinamukhululukire chiyambire tsiku lomwe anandicheka khutu akuseka nkhani ya munthu wina. Ananditengeranso mlongo wanga, yemwe ankandisitira malaya bwino kuposa aliyense. Koma poti ndayamba kulemba za iye, ndinene zoona: luso la manja ali nalo.

Shopu yake ndi kachipinda kamodzi. Muli mpando wong'ambika, galasi, tsache pakona, ndi shelefu ya timagalimoto. Timagalimototo si tamalonda. Amagula zidutswa zapulasitiki m'katoni, n'kumamata yekha akasowa mutu wometa. Ine ndimati n'zachibwana. Mlongo wanga amati bola zimenezo kusiyana ndi mowa.

Chaka chino anapeza kofanana ndi galimoto yomwe malemu bambo athu ankayendetsa. Anafuna kukapaka penti wobiriwira ngati yeniyeniyo, apatse mkazi wake. Anakakoleka pa waya, anakhutchumula chitini cha penti, anapopera kuseri kwa mpando, n'kukasiya kuti kaume. Kenako kunabwera kasitomala.

Munthu wakalambira pantchito, osadziwa kuti tsitsi limauluka! Pomwe kasitomala ankatuluka, kagalimotoko kanali katamera ndevu. Anakapala ndi sandipepa, anapoperanso atatseka shopu, koma kwa wometa tsitsi lili paliponse, ngakhale m'kapu ya tiyi. Anapalanso. Mizere ya zitseko inayamba kufufutika, ndipo kena kotere sikankapezekanso kogula. Kupala kwina kukanakasandutsa chidutswa cha sopo.

Loweruka m'mawa ndinangomva kugogoda. Anali iyeyo, katoni kukhwapa.

"Alamu, ndibwerekeni bafa lanu."

"Kwanu madzi atha?"

"Ayi. Ndaganiza ndaganiza, nyumba yopanda tsitsi ndi ino yokha. Mumakhala nokha, mphaka mulibe, ndiye mutuwo..."

"Mutuwo watani?"

"Ndi galasi, alamu. Ntchentche ikatera imaterereka."

Ndikanamuthamangitsa, koma anavundukula katoni ija, ndipo ndinaona mphuno ya galimoto ya bambo.

Anayamba wasamba, n'kuvala malaya anga, poti ake sankawakhulupirira. Kumutu anamanga pepala lapulasitiki. Anathira madzi pansi kuti fumbi ligone, anatsegula windo pang'ono. Ine anandiimika pakhomo, ati nsidze zanga n'zokayikitsa. M'nyumba mwanga momwe!

Ndinamuonerera ndili pomwepo. Ankayambira kupopera pambali, penti n'kudutsa pa kagalimoto ngati nkhungu, n'kukalekera mbali inayo. Ulendo woyamba pulasitiki inkaonekerabe.

"Wonjezerani, waperewera," ndinatero.

"Penti safuna phuma, alamu. Mukachulutsa amalira misozi."

Anadikira, anapoperanso, anadikiranso. Ngakhale kupuma ankapumira kumbali. Atakhutira anavundikira ndi beseni langa, tinakakhala pakhonde. Kumeneko tinakangana. Ine ndimati galimoto ya bambo inali yoderako, iye ati dzimbiri ndi lomwe linkandinamiza. Yemwe ankaitsuka ndinali ine, koma mwamuna wa mlongo wako sungamuphunzitse kanthu.

Dzuwa litapendeka anavundukula beseni. Ananyamula wayayo kupita naye pawindo, anatembenuza uku ndi uku, maso atatsinzina. Panalibe tsitsi ngakhale limodzi, ndipo zitseko zinkaoneka bwinobwino. Khoma la bafa langa linali litabiriwira, ndipo mpaka lero palibe wapepesa.

Atamata matayala ndi magalasi, anandiitana kuti ndikakhalepo popereka. Mlongo wanga anapukuta manja pa epuloni, analandira ndi manja awiri, anakayang'anitsitsa kwa nthawi.

"Chitseko ichi sichinkatseguka," anatero, akuloza chakumbuyo. "Achimwene, mukukumbukira? Tinkalowera pawindo."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anachotsa mbale za alendo m'kabati yagalasi, n'kuikamo kagalimoto.