A Uelese Anapemphera Lamulungu Kawiri

Alamu anga a Uelese sadziwa kunena kuti ayi. Malemu amuna anga, omwe anali akulu awo, ankati matendawa anabadwa nawo. A Uelese kwawo ndi ku Upolu, chilumba cha tsidya lina la nyanja, ndipo anabwera kuno ku Tutuila ali mnyamata kudzasenda nsomba kufakitale ya zam'chitini ku Pago Pago, monga amachitira ambiri a kwawoko akafuna madola. Anasenda zaka khumi ndi ziwiri. Atatopa nalo fungo, anagula lole yakale, n'kukhomerapo matabwa ndi mabenchi, n'kuipaka utoto wachikasu, ikhala basi. Mpaka lero ndi yomweyo.

Basi ya a Uelese aliyense amaidziwa chifukwa sifika pa nthawi yake. Mayi akati, "Tadzerani kusitolo ndigule shuga," amadzera. Nkhalamba ikati yaiwala mankhwala kunyumba, amatembenuza basi yonse, anthu ali momwemo. Ogwira ntchito m'boma amaithawa m'mawa. Ife amayi a mvano timaikonda, poti imakatisiya pakhomo penipeni.

Akazi awo a Uelese anatisiya kale. Anawasiyira ana awiri aakazi: Taulagi, yemwe amakhala m'mudzi mwathu muno, ndi Fuatino, yemwe anakwatiwa ku Upolu. Aliyense ali ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Wa kuno ndi Leata, wa uko ndi Siniva.

Mwezi wa Okutobala timakhala ndi Lamulungu la Ana. Ana amavala zoyera zatsopano, amatsogolera mapemphero, aliyense amanena vesi lake pamtima, ndipo kunyumba amadya poyamba, akulu tikuwatumikira. Chaka chatha Leata ndi Siniva onse anapatsidwa vesi loti aimirire nalo okha kutsogolo, koyamba m'moyo wawo. Leata anawauza agogo ake ali m'basi, ndipo iwo anati, "Ndidzakhala pa benchi yoyamba." Siniva anawauza pafoni, ndipo anamuyankha chimodzimodzi.

Nkhaniyi inaphulikira kukhitchini kwanga, ndikupala kokonati.

"Ababa, mudzadzidula pakati?" anafunsa Taulagi. "Mutu upite ku Upolu, mimba itsale kuno?"

"Mimba ndiye ipite kwa Fuatino, amaphika bwino."

"Musaseke. Mwanayu milungu itatu akulankhulira mpando wopanda munthu, akuti mpandowo ndi inu. Mukapanda kubwera sadzatsegula pakamwa, ndikumudziwa."

A Uelese anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kalendala yanga ya tchalitchi yomwe ili pakhoma. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kuseka okha.

Kuchoka kuno kufika ku Upolu ndi theka la ola pa kandege kakang'ono, ndipo wotchi zathu ndi zawo zimanena nthawi imodzi. Koma boma la kumeneko linasuntha tsiku zaka zapitazo kuti lizigwirizana ndi mayiko omwe limachita nawo malonda, pamene ife a mbendera ya Amereka tinatsala pomwe tinali. Choncho kukakhala Lolemba kwawoko, kuno kumakhala kudakali Lamulungu.

"Ndikapemphera ndi Siniva Lamulungu lawo," anatero. "Lolemba m'mamawa ndikwera ndege yoyamba. Ndikutera kuno isanakwane eyiti koloko, Lamulungu lathu. Mapemphero ndi naini koloko. Nanga vuto lili pati?"

Ine ndinali nalo vuto. Ndinati, "Alamu, ndiye muyende ulendo pa tsiku la Ambuye?"

"Ndinyamuka Lolemba, alamu."

"Koma mufika Lamulungu."

"Ndiye tchimolo lindipezere m'mwamba, pakati pa nyanja. Kumeneko kulibe dikoni."

Sindinaseke pamaso pawo. Ndinakasekera kuseri, potaya makoko.

Ananyamuka Lachisanu. Basi anaiimika pansi pa mtengo wa ulu, wa zipatso zazikulu zophika, kuseri kwa nyumba yanga, poti kwawo kulibe mthunzi. Za ku Upolu ndinazimva pambuyo pake: Siniva ananena vesi lake osaphonya, agogo ake ali pa benchi yoyamba, ndipo iwo anadya mwa Fuatino mpaka woyeza anthu pa sikelo kubwalo la ndege anawafunsa ngati ndi munthu yemwe uja anatera dzana.

Kuno Lamulungu kunacha bwino. Ndinasita diresi la Leata, n'kumumangira maluwa kumutu. Eyiti koloko inakwana. Inadutsa ndi theka. Taulagi anaimba foni ya bambo ake, koma inalirira m'basi, pampando wa dalaivala, pomwe anaiiwala.

"Mwina ndege yachedwa," anatero Taulagi.

"Ndaimva ikutera," anatero Leata. Sanalire. Anangokhala pansi, manja pa mawondo. "Ine ndinena agogo akabwera."

Ndinaima pakhonde ndikuyang'ana basi yachikasu ija, masamba atagwera padenga pake. Msewu unali zii, monga umakhalira Lamulungu lililonse. Apo m'pomwe ndinazindikira. Munthuyu sanapangane ndi aliyense zokamutenga. Anadzuka Lolemba, anakwera ndege Lolemba, ndipo Lolemba mabasi amadutsa pa bwalo la ndege motsatizana. Lamulungu palibe ngakhale imodzi.

Galimoto ya malemu amuna anga ndimaiyendetsa kawiri pamwezi, popita kuchipatala, ndipo Lamulungu sindinaiyendetsepo. Ndinapempha Ambuye kuti andimvetse, n'kutenga makiyi. Ndinamuuza Taulagi kuti apite ndi mwana kutchalitchi akawapemphe abusa amuike kumapeto.

Ndinawapeza pamphambano ya kubwalo la ndege, ataima pansi pa chikwangwani, atavala malaya oyera ndi nsalu yoyera ya m'chiuno, katoni ya koko wakumwa wa ku Upolu ili pamapazi. Ankayang'ana wotchi uku akupukusa mutu.

"Alamu, mwabwera bwino," anatero ndisanaime n'komwe. "Taonani madalaivala a masiku ano. Ola lathunthu ndili pano, palibe basi ngakhale imodzi. Ulesi wotere? Anthu apita bwanji kuntchito?"

"Ntchito yanji, alamu?"

"Kufakitale, kuboma..."

Anasiyira pomwepo. Chapatali belu la mpingo wina linali kulira. Anayang'ana chipewa changa choyera, n'kuyang'ana msewu wopanda kanthu.

"Zaka makumi atatu ndikuimika basi Loweruka madzulo," anatero motsitsa mawu.

"Kwerani. Katoniyo ponyani kumbuyo."

Ine sindithamanga pa msewu, ndipo tsikulo sindinayambe. A Uelese anakhala chogwira chitseko, phazi likuponda pansi ngati pali chopondera moto chawo.

"Alamu, nkhuku ija yatipitirira."

"Ili ndi changu chake."

"Ndiloleni ndiyendetse."

"Inu mukaimira aliyense wotukula dzanja. Tingakafike Lachitatu."

Pomwepo tinadutsa bambo wina wokalamba akuyenda ndi ndodo, ndipo ndinaona dzanja lawo likufuna kundigwira mkono. Ndinaima ndithu. Bamboyo ankapita kumudzi woyandikana ndi wathu, ndipo anakwera kumbuyo limodzi ndi koko.

Tinalowa m'tchalitchi ana onse atatha kunena. Leata anali ataima kutsogolo yekha, pakamwa atatseka. Abusa anali atamuyambira kale mawu oyamba kawiri konse, ndipo amayi ake ankamukodola ndi maso. Tsiku lina akanadzudzulidwa, koma Lamulungu la Ana palibe amene amakalipira mwana, choncho mpingo wonse unkangodikira, zokupizira mphepo zikugwedera.

A Uelese anayenda pakati pa mabenchi nsapato zikulira, thukuta lili kamukamu, pamalaya pali dontho la msuzi wa kwa Fuatino. Pa benchi yoyamba panali podzaza. Mkazi wa mfumu anasendera yekha osauzidwa, ndipo iwo anakhala.

Leata anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwachedwa," anatero, tchalitchi chonse chikumva.

"Basi, mayi," anayankha agogo ake. "Sizikuyenda lero."

Abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Kenako mwanayo anakweza chibwano n'kunena vesi lake lonse, momveka, osapuma pakati, maso ali pa munthu mmodzi.

Masana a Uelese anatumikira ana ndi thaulo paphewa. Anaphika koko wa ku Upolu uja, n'kumapatsa Leata zakudya zonona zokhazokha. Iwo anadya pomaliza, pang'ono, n'kugona chokhala atatsamira mzati, mbale ili pamiyendo. Leata anawachotsera mbaleyo, n'kukhala pambali pawo akuwaingitsira ntchentche ndi chokupizira changa.

M'mawa mwake basi yachikasu inatuluka pansi pa mtengo wa ulu mochedwa monga mwa masiku onse. Ndinakwera, popita kukagula ulusi. Tisanafike patali mayi wina anati waiwala ambulera, ndipo tinabwerera.